Amayi Olima M'nyanja: Zimene Ndinaona ku Gombe la Galicia

Amayi anzanga, ambiri a ife tikamva za ku Ulaya maganizo athu amathamangira ku nyumba zosanjikizana, misewu yowala usiku ndi madona oyenda ndi nsapato zazitali. Nanenso ndinkaganiza chomwecho kufikira mwezi wa Seputembala 2024, pamene mwana wanga wamkazi, yemwe anakwatiwa mumzinda wa Vigo m'dziko la Spain, anandiitana kuti ndikaone mdzukulu. Nditakhala masabata atatu m'nyumba ya m'mwamba, osaponda dothi ngakhale tsiku limodzi, mtima unayamba kundiwawa. Ndinafunsa mkamwini wanga ngati kwawoko kuli kumudzi. Iye anaseka, nabwereka galimoto, ndipo tonse anayi, pamodzi ndi khandalo, tinayenda masiku anayi m'mbali mwa nyanja kulowera kumpoto.

Chigawo chimenechi dzina lake ndi Galicia. Chili kumpoto kwa Portugal, ndipo chinayang'anizana ndi nyanja yaikulu yamchere ya Atlantic. Anthu ake ali ndi chilankhulo chawochawo chomwe ndi chachibale ndi Chipwitikizi, kotero kuti abale athu a ku Tete ndi ku Angonia akhoza kutolapo mawu ambiri. Mvula imagwa kawirikawiri, dziko ndi lobiriwira, ndipo nyanja imalowa m'kati mwa mtunda malo ambiri ngati zala za dzanja lotambasula. Chala chilichonse chotere eni ake amachitcha ría.

Chimene chinayamba kundidabwitsa ndi chimanga. Timinda ting'onoting'ono totchinga ndi miyala, chimanga chitacha, pambali pake mbatata ya kachewere, kabichi ndi mphesa zoyanga pa mizati ya miyala. Titafika pamudzi wa Combarro, pafupi ndi Pontevedra, ndinaima kakasi kuona nkhokwe zitandandalika m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Iwo amati hórreo. Nkhokwe yawo ndi yamakona anayi, yaitali, yomangidwa ndi miyala yosema kapena matabwa, ndipo m'makoma amasiya timipata kuti mphepo izipita. Imakhala pamwamba pa miyendo ya miyala, tsono pamutu pa mwendo uliwonse amaikapo mwala wophwatalala wonga mbale yovundikira. Khoswe akakwera mwendowo amakagunda mutu pa mwala uja, nabwerera. Ndinazungulira nkhokwe imodzi katatu ndikuyang'ana mwala umenewu, mpaka mwana wanga anachita manyazi. Chimanga chinafika kumeneko kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1600, ndipo amachipera n'kuphika buledi wolemera, wachikasu. Nsima saidziwa.

Koma chimene ndafuna kukusimbirani makamaka ndinachiona m'mawa mwake ku Cambados, tauni yaing'ono ya m'mbali mwa ría ya Arousa, yomwe ndi yaikulu koposa zonse za m'chigawocho.

Poyamba ndilongosole za madzi. Nyanja yathu ikadzaza yadzaza, ndipo kuti iphwe pamapita miyezi. Nyanja yamchere siitero. Kawiri pa tsiku madzi amabwerera m'mbuyo, n'kusiya mchenga ndi matope poyera, kenaka patapita maola ngati asanu ndi limodzi amadzazanso. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu ndi pamene amaphwa kwambiri. Usiku tinagona tikumva mafunde pafupi ndi nyumba, koma kutacha pamalo pomwepo panali dambo lalikulu lonyezimira, ndipo m'dambomo munali amayi ambirimbiri atawerama ngati ali pa dima.

Anavala nsapato za jombo, ena zovala za mphira zofika m'chifuwa, aliyense ali ndi kakhasu kapena chitsulo cha mano, ndowa ndi lamba womanga m'chiuno. Anali kukumba nkhono za m'nyanja, zija za zigoba ziwiri zotsekana, zimene iwo amati ameixa ndi berberecho. Amayi a ntchito imeneyi amatchedwa mariscadoras. Ndikudziwa kuti ena mwakwinya kale nkhope, pakuti kwathu kuno ambiri nkhono sitidya. Komatu kumeneko ndi ndiwo ya ulemu, yogulitsidwa pa kilogalamu, ndipo nyengo ya Khirisimasi mtengo wake umakwera zedi. Nkhonoyo imabisala mumchenga, n'kungosiya timaenje tiwiri pamwamba ngati maso. Mayi wozolowera amationa timaenjeto ali chiimire. Ine ndinayang'ana mpaka misozi, osaona kanthu. Akuluakulu aja ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kaya anafikako ku Cambados?

Mayi wina wachikulire, wa manja okhakhala ngati anga, anatilola kuyenda naye, mwana wanga akumasulira. Kuchokera kwa iye, ndi kwa amayi a bungwe la Guimatur, lomwe amayi a m'nyanja a ku Cambados anakhazikitsa mu 2004 kuti azionetsa alendo ntchito yawo, ndinamva mbiri imene ndakhala ndikuilingalira mpaka lero.

Kale ntchitoyi inalibe dzina. Inali chabe chinthu chimene mkazi wa msodzi ankachita kuti apezeko ya mchere ndi sopo. Nyengo yokumba ikatsegulidwa mu Okutobala, mudzi wonse unkakhamukira kugombe, agogo, ana ndi alendo omwe, aliyense kukokera kwake, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Pakutha pa masabata owerengeka mchenga unkatsala wopanda kanthu. Ogula ankadikira pamtunda n'kutchula mtengo umene afuna, ndipo mayi wonyowa, wanjala, wosiya ana kunyumba, analibe mphamvu yokana. Midzi yoyandikana inkamenyana polimbirana malire a gombe. Mabungwe a asodzi, omwe amatchedwa confraría, analipo kuyambira kalekale, koma olankhula m'menemo anali abambo.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990. Mu 1993 boma la chigawo cha Galicia linakhazikitsa lamulo latsopano la usodzi, lonena kuti wokumba nkhono akhale ndi chiphaso. Alangizi a boma, ambiri mwa iwo akazi, anayenda gombe ndi gombe kuchititsa maphunziro. Mu 1995 amayi okumba nkhono ochokera m'madera osiyanasiyana anasonkhana kwa nthawi yoyamba ku Vilagarcía de Arousa, ndipo ena mwa iwo anali oti dzulo lake ankatukwanizana pa malire. Kuyambira pamenepo amayi anapanga magulu awo m'kati mwa mabungwe aja, nasankha atsogoleri, ndipo lero mabungwe ena akutsogoleredwa ndi amayi.

Tsono tamverani malamulo amene anagwirizana. Chaka chilichonse gulu limalemba dongosolo la masiku okumba ndi malo okumba, boma n'kuvomereza. Sakumba tsiku lililonse, ndiponso sakumba paliponse. Chigawo china cha gombe amachisiya kuti chipume. Mayi aliyense ali ndi mlingo wa makilogalamu amene aloledwa kutenga pa tsiku, ndipo ngakhale apeze pamalo ponona bwanji, akakwanitsa mlingo amaweruka. Nkhono yosafika msinkhu imabwezedwa mumchenga. Ya mtundu wapamwamba, ameixa fina, iyenera kufika masentimita 4. Potuluka m'madzi onse amadzera pamalo amodzi pomwe pali sefa ndi sikelo, ndipo oyesa ndi amayi anzawo omwe. Ndinaona mayi wina akubwezeredwa nkhono zodzaza manja awiri. Anang'ung'udza pang'ono, koma anakazikwirira yekha.

Chimene chinandigwira mtima koposa ndi ntchito zopanda malipiro. Amayiwa amafesa. Amatenga tinkhono tating'ono ngati njere za nyemba n'kukamwaza pamalo pamene patha mbewu, kapena kuzula pamene pathithikana kukaika pamene pali potakasuka, monga timachitira ndi mbande. Amachotsa ndere zimene zimaphimba mchenga n'kupha nkhono. Amalonderanso gombe mosinthanasinthana, chifukwa akuba amabwera usiku, ndipo nyengo yotentha alendo odzasamba amadzaza timatumba ngati kuti ndi zakutchire. Amene ajomba ntchito zimenezi kawirikawiri popanda chifukwa akhoza kutaya chiphaso chake. N'chifukwa chake iwo amakana kutchedwa otola. Amati ndi alimi, munda wawo ndi umene umamira kawiri pa tsiku.

Ine ndakhala ndikuyendetsa magulu a amayi zaka zambiri, ndipo ndikudziwa pamene gulu limafera. Silifera pa tsiku logawana ndalama. Limafera pa tsiku lothirira dimba la gulu, pamene aliyense amapeza maliro a kwa apongozi. Choncho ndinafunsitsa ngati kumeneko kulibe mikangano. Mayi uja anaseka mpaka kutsamira kakhasu kake. Mikangano ilipo, miseche ilipo, ndipo pa chisankho anthu amatha miyezi osapatsana moni. Koma buku la mayina limalembedwa tsiku ndi tsiku, ndipo chilango chimagwera mlamu wa mtsogoleri chimodzimodzi ndi wina aliyense.

Sindikufuna kukubisirani mbali yowawa. Kuti ntchitoyi iwerengedwe ngati ntchito, mayi aliyense anayenera kuyamba kulipira mwezi ndi mwezi ndalama ya thumba la boma la penshoni ndi chithandizo pa matenda. Amene analimbikira lero ali ndi penshoni yawoyawo, yosadalira ya bambo. Koma ambiri, makamaka okalamba ndi a m'magombe osauka, sanathe kulipira ndipo anasiya. Chiwerengero chinatsika kwambiri, kotero kuti okumba nkhono poyenda pansi m'Galicia monse tsopano sakwana 4,000. Dongosolo linapulumutsa gombe, koma linatsekeranso kunja amayi ena amene ankadyera pomwepo. Nkhani imeneyi sindinaimalize m'mutu mwanga. Nawonso otsalawo thupi limawauza: msana, mawondo ndi zala zimapweteka chifukwa cha kuwerama m'madzi ozizira zaka makumi.

Masana tinawatsatira ku nyumba ya malonda, imene amati lonxa. Kumeneko kuli okushoni, koma yosiyana ndi ya fodya. Mtengo umayambira pamwamba n'kumatsika, ndipo wogula amene ayambe kuuimitsa ndiye watenga katunduyo. Akachedwa pofuna kutchipa, mnzake amulanda. Palibenso mayi woima yekha pamaso pa wogula.

Tsiku lachitatu tinadzera ku Carril, kumene mabanja ali ndi timinda ta nkhono todulidwa malire ndi timitengo m'madzi, kenaka ku Padrón. Kumeneko kuli nyumba imene anamwaliriramo mlakatuli wamkazi Rosalía de Castro mu 1885. Iye ndiye anatchukitsa dzina limene amayi a dziko limenelo ankadziwika nalo, loti akazi amasiye a amuna amoyo. Kwa zaka zoposa zana amuna a ku Galicia ankachoka kukafuna ntchito ku Cuba ndi ku Argentina, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ku Switzerland ndi ku Germany. Ena ankatha miyezi m'sitima za usodzi kutali. Ena ankatumiza ndalama, ena ankangozimirira. Munda, ng'ombe, ana ndi nkhalamba zonse zinkatsala m'manja mwa mkazi. Inu amene munakulira m'midzi ya abambo opita ku Joni ndi ku Halale simufuna womasulira. Apa m'pamene ndinamvetsa kumene amayi a ku Cambados anatenga kuuma mtima kwawo.

Kupitirira tauni ya Noia gombe limasanduka lamiyala ndi lamphepo. Ku Carnota tinaona nkhokwe yotalika mamita oposa 30, yomangidwa mu 1768 ndi kuwonjezeredwa mu 1783. Inali ya tchalitchi, yosungiramo chakhumi cha mudzi wonse. Kuchokera apo dera limatchedwa Costa da Morte, ndiko kuti Gombe la Imfa, chifukwa cha sitima zambiri zimene zinasweka pa matanthwe ake. Pamudzi wa Muxía, pafupi ndi tchalitchi choima pamiyala m'mbali mwa mafunde, pali chimwala chachitali chong'ambika pakati. Ndi chikumbutso cha tsoka la mu Novembala 2002, pamene sitima yotchedwa Prestige, itanyamula matani 77,000 a mafuta akuda, inabooka pafupi ndi gombeli, n'kuthyoka pakati ndi kumira patapita masiku asanu ndi limodzi. Phula linakuta magombe, usodzi unaletsedwa miyezi yambiri, ndipo anthu zikwizikwi anabwera kudzathandiza kupala miyala ndi manja. Ku Arousa asodzi anatuluka ndi mabwato awo kukatchinga pakamwa pa ría, akuwola mafutawo ndi zipangizo zilizonse zimene anapeza.

Mafuta anatha, koma tsopano mdani ndi wina. Kumapeto kwa 2023 kunagwa mvula yosalekeza masabata ambiri. Mitsinje inathira madzi ochuluka m'ma ría, mchere unachepa, ndipo nkhono zinafera mumchenga. Magombe ena anatsekedwa, amayi n'kukhala pakhomo miyezi. Pamene ife tinkayenda, ambiri anali kudandaulabe kuti mlingo wa tsiku sukukwanira. Atsikana ambiri sakufuna ntchito ya amayi awo, ndipo mayi wa ku Cambados uja anandiuza kuti iye mwini anagwira ntchitoyi kuti mwana wake aphunzire, asadzaweramenso m'matope. Ananena izi akumwaza tinkhono timene sadzakolola mpaka patapita zaka ziwiri kapena zitatu.

Usiku wotsiriza tinagona ku Camariñas, kumene amayi amakhala m'magulu kuluka nsalu za maluwa ndi ulusi woyera ndi timitengo tambirimbiri togundana ngati matalala pa malata. Mkamwini wanga anaitanitsa mbale ya nkhono zophika ndi anyezi ndi adyo. Masiku onse atatu ndinali nditakana, ndikudya buledi ndi nsomba basi. Koma nditakumbukira msana wa mayi uja, ndinaona kuti kukananso kukhala mwano. Ndinatseka maso n'kudya imodzi. Imakoma ngati nthutumba ya nkhuku yofewa, yothira mchere wambiri. Ndinadya zisanu ndi ziwiri, ndipo zigoba zake ndinazitsuka n'kuzimanga pa mpango. Zili pa windo kunyumba kwanga, ndipo adzukulu a kuno amasewera nazo bawo.