Musanawotche mafailo a bizinesi yanu

Makatoni a malisiti, mainvoisi ndi mabuku a ndalama amadya malo, amaitana makoswe ndi chiswe, pomwe lendi ya ofesi ku Limbe kapena ku Lilongwe siyocheza. Choncho mwini bizinesi akagula makina a sikana, ganizo limabwera msanga: tijambule zonse, tisunge m'kompyuta, mapepalawo tiwotche. Kujambulako n'kwanzeru ndithu, makamaka pa malisiti a makina a EFD omwe amafufutika okha pakapita nthawi. Pofunika kudekha ndi pa kuwotchapo.

Malamulo a dziko lino sakana zikalata za pakompyuta. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza kuti chikalata cha pamakina chingathe kukhala umboni. Koma khoti kulandira chithunzi chanu sikutanthauza kuti lachikhulupirira. Woweruza adzafuna kudziwa amene anajambula, tsiku lake, kumene chithunzicho chakhala chikusungidwa, komanso ngati panalibe wina akanatha kuchisintha. Mafunso onsewa woyankha ndinu.

Tiyerekeze kuti mwasumira munthu kukhoti la zamalonda chifukwa cha ngongole, iye n'kunena kuti siginechayo si yake, kapena kuti pa K500,000 wina anawonjezapo ziro. Pepala lenileni likakhalapo, katswiri wa zolembalemba amaona mmene cholembera chinadindira, ngati inki ndi imodzi, ngati pena anafufutapo, ngati chidindo chinabwera siginecha isanalembedwe kapena pambuyo pake. Pachithunzi zambiri mwa izi sizioneka. Nayonso mbali yakumbuyo imaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndi komwe anthu amalemba kuti "ndalandira theka" n'kusainira. Loya wa mnzanuyo sadzavutika. Adzangofunsa kuti chenichenicho chili kuti, ndipo mukati munawotcha mkangano utayamba kale, khoti likhoza kuganiza kuti munali ndi chobisa.

Ena amati makina sanama. Mu 2013, katswiri wa makompyuta wa ku Germany, David Kriesel, anatulukira kuti makina ena a Xerox ankasintha manambala pojambula: pomwe panali 6 pankatuluka 8. Vuto linali njira yochepetsera kukula kwa failo yotchedwa JBIG2, yomwe imati ikaona zizindikiro zofananako, imatenga chimodzi n'kuchibwereza m'malo mwa zinzake. Chithunzi chinkatuluka choyera bwino, chosakayikitsa n'komwe. Kampaniyo inavomera n'kukonza pulogalamu yake, koma aliyense amene anali atataya kale mapepala analibenso poyerekezera. Ndipo zolakwika zambiri sizifuna makina achilendo chotero: masamba awiri amalowa limodzi, m'mphepete mumaduka, kapena mnyamata wa muofesi watopa, wadumpha failo yathunthu.

Ku MRA nkhani ndi ya ndalama basi. Akabwera kudzafufuza mabuku, zomwe munanena kuti munagwiritsa ntchito pa bizinesi, ngakhalenso VAT yomwe mukuti munalipira pogula katundu, zimafuna umboni. Invoisi ikakhala yosawerengeka kapena failo ikakana kutseguka, angathe kukana ndalamazo, msonkho n'kukwera, chindapusa pamwamba. Malamulo a msonkho amalamula kusunga zikalata kwa zaka zingapo. Funsani MRA mwa kalata kuti ndi zaka zingati pa msonkho uliwonse ndiponso ngati zithunzi zokha n'zokwanira, ndipo yankho lawolo mulisunge. Mawu a pakamwa a wogwira ntchito pakauntala sadzakuthandizani tsiku la kafukufuku.

Kompyuta nayo ili ndi chiswe chake. Fulashi imasowa, laputopu imabedwa, magetsi akabwera mwamphamvu amapsereza zida, wantchito amachoka ndi pasiwedi m'mutu. Mu February 2024 boma linasiya kusindikiza ziphaso zoyendera kwa milungu ingapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowerera makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko. Ngati zinagwera nthambi ya boma, hadiweya ya pa Mchesi isadzione ngati yotetezeka. Zithunzi zisungidwe malo awiri kapena atatu osiyana, ndipo nthawi ndi nthawi wina aziyesa kuzitsegula.

Pali zikalata zomwe ine sindingalangize munthu kuwononga ngakhale atajambula bwino chotani: mapepala a malo ndi lizi, satifiketi yolembetsera kampani, masatifiketi a masheya, mapangano osainirana, zikalata za chikole ndi ngongole, wilo, ndi chilichonse chokhudza mlandu womwe uli m'khoti kapena womwe ukununkhira. Pa mapangano, kumbukirani kuti lamulo limapatsa munthu zaka 6 zoti asumire, kuwerengera pomwe panganolo linaswedwa, osati pomwe munasainirana. Maofesi a boma ali ndi malire enanso: sataya mafailo mwa okha popanda chilolezo cha National Archives ya ku Zomba.

Zotsalazo, nthawi yake ikakwana, ziwonongedwe mwadongosolo. Wina afananize chithunzi ndi pepala, tsamba ndi tsamba, alembe m'kaundula zomwe zikuwonongedwa, tsiku, ndi amene waloleza. Kaundulayu ndiye mudzaonetse mukadzafunsidwa. Ndipo kuwononga ndi kuduladula ndi makina kapena kutentha mpaka phulusa, osati kupatsa ogulitsa mandasi. Ndandanda ya malipiro a antchito ikapezeka itakulunga chipisi pamsika, yokhala ndi maina ndi manambala a akaunti, lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024 lidzafunsa mwini bizinesi.