Foni sipima khansa, funsani adokotala

Munthu akauzidwa kuti ali ndi khansa, kawirikawiri amatuluka m'chipinda cha adokotala osafunsa kanthu chifukwa cha mantha. Mafunso amadza usiku, ndipo woyankha amakhala foni: Google, Facebook ndi magulu a WhatsApp. Kumeneko uphungu woona umasakanikirana ndi malonda a anthu olonjeza kuti uchi ndi habbat sauda zisungunula chotupa. Uchi ndi chakudya chabwino, koma sulowa m'malo mwa opaleshoni kapena mankhwala a khansa a kuchipatala.

Kuno kunyanja, magazi mu mkodzo tidawazolowera kuti ndi likodzo, ndipo intaneti ikuuzani za praziquantel. Komatu likodzo lokhalitsa limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Magazi akapitirira mutamwa mankhwala, kapimitseni msanga.

Werengani ndithu, koma zimene mwawerengazo pitani nazo kwa adokotala, kaya ku Mangochi, ku Queens kapena ku Kamuzu Central. Lembani mafunso musananyamuke: Khansayi yafika pati? Mankhwalawa adzandichita chiyani? Kodi ndingathe kusala pa Ramadhan? Tenganinso m'bale wokuthandizani kumvetsera. Foni imanena za khansa ya aliyense, pomwe adokotala amapima thupi lanulo.