Kabokosi kamene kamadzutsa lamya yakale

Mwa mafunso amene anthu a kuno ku Chintheche amabwera nawo kwa ine, podziwa kuti ndakalambira pa ntchito ya lamya kuyambira masiku amene tinkakwera mitengo ndi lamba m'chiuno, limene lachuluka tsopano ndi lakuti, kodi lamya yakale ija, ya chogwirira cholemera ndi chingwe chopotanapotana, imene yagona m'kabati chilekere kulira zaka zambiri zapitazo, ingathe kudzukanso? Ndikayankha kuti inde ingathe, ndipo kuti ingatero popanda kuimika mtengo ngakhale umodzi m'mbali mwa msewu wa M5, achikulire amandiyang'ana mokayika, pamene anyamata amaseka nanena kuti tsobola wakale sawawa, popeza aliyense ali ndi foni m'thumba. Koma mulibe matsenga m'menemo, ndiponso si nkhani yoseketsa. Chimene chimagwira ntchitoyo ndi kabokosi kokwana m'dzanja la munthu wamkulu, kamene amisiri amakatcha ATA ndipo ogulitsa amangoti adaputala.

Kumva liwu la wakutali ndi nkhani yolemera kuno kunyanja kuposa kwina. Chikhazikitsireni a Mishoni ya Livingstonia sukulu yawo pa Bandawe m'chaka cha 1881, ana a Atonga, atadziwa kuwerenga ndi kulemba, anatsimikiza mwambi uja wakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, napita ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Joni ndi ku Cape Town, kumene Clements Kadalie wa ku Chifira anayambitsa bungwe la antchito la ICU mu 1919. Ndipo kufikira lero makomo ambiri a pakati pa Kande ndi Sanga ali ndi mwana kunja. Waya wa telegalafu wa kampani ya Cecil Rhodes unadutsa m'mphepete mwa nyanja ino kumka ku Karonga zaka za m'ma 1890 zisanathe, koma unali wa boma ndi amalonda, ndipo mayi wa kumudzi anali kudikirabe kalata. Lamya zinabwera pambuyo pake, zinayambira ku maofesi nizifika m'nyumba zowerengeka. Pamene bungwe la positi ndi lamya linagawidwa pawiri m'chaka cha 2000, lamya nizipita m'manja mwa MTL, foni za m'manja za TNM ndi Celtel, imene lero ndi Airtel, zinali zitayamba kale kufala. Ndipo popeza akuba nawonso sanagone pa ntchito yawo yodula mkuwa usiku, lamya za m'nyumba zinakhala chete imodzi ndi imodzi.

Kuti mumvetse kabokosika, yambani mwadziwa kuti lamya yakale payokha ndi chinthu chosauka, pakuti mkati mwake muli cholankhulira, chomvera, belu ndi manambala basi, ndipo moyo wake wonse unkachokera ku eksichenji kudzera m'nthambo ziwiri za mkuwa. Kumeneko kunali chipinda cha mabatire aakulu otumiza mphamvu ya mavolti 48 usana ndi usiku, n'chifukwa chake lamya inkalira ngakhale magetsi atazima tauni yonse. Kumeneko ndiko kunkachokera kulira kuja kwa tuuu kumene munkamva mukanyamula chogwirira, kokudziwitsani kuti njira ili yotsegula. Ndipo wina akakuimbirani, eksichenji yomweyo inkatumiza mphamvu ina yogwedeza, ya mavolti pakati pa 75 ndi 90, kuti kanyundo kamenye belu. Mmisiri aliyense amene anagwirapo nthambo zosenda pa nthawi imene lamya ikulira amaidziwa mphamvu imeneyo ndi zala zake, ndipo saiwala.

Tsono adaputala ndiyo eksichenji yaing'ono yokhala pa tebulo m'nyumba mwanu. Mukakatembenuza kabokosika, monga ka Grandstream HT801 kapena Cisco SPA112, mupeza kumbuyo kwake bowo lopapatiza lolembedwa Phone kapena FXS, lolowetsamo chingwe cha lamya; bowo lokulirapo la chingwe chochokera ku rauta ya intaneti; ndi polowera magetsi a mavolti 5 kapena 12. Magetsi ochepawo kabokosi kamawakweza kokha kufikira pa muyeso umene lamya inazolowera, kamapereka kulira kwa tuuu, kamaliza belu, kamamvetsera manambala amene mukudina, kotero kuti lamya, imene idziwa nthambo ziwiri zokha, imagwira ntchito yake monga mwa masiku onse, osazindikira kuti eksichenji imene inali kutali tsopano ili pa mtunda wa mkono umodzi.

Ntchito yodabwitsa ili ku mbali inayo, yoyang'ana ku intaneti. Liwu lanu likalowa m'kabokosi ngati kunjenjemera kwa magetsi, kamaliyesa ka 8,000 pa sekondi imodzi, muyeso uliwonse n'kuusandutsa nambala, potsata njira yotchedwa G.711 imene maiko anagwirizana mu 1972. Kenaka kamamanga manambalawo m'timitolo ting'onoting'ono, 50 pa sekondi, katolo kalikonse kolembedwa kumene kakupita ndi malo ake pa mzere. Zili ngati mayi wa geni ya usipa amene, posowa galimoto imodzi yonyamula katundu wake yense kupita ku Mzuzu, amagawa usipawo m'mabeseni, nalemba nambala pa beseni lililonse, napatsira galimoto iliyonse imene yadutsa. Mabeseni sangafike pamodzi, lachisanu lingathe kutsogolera lachinayi, lina lingatayike pa njira, ndipo wolandira ayenera kudikira pang'ono kuti awandandalike. Kudikira kumeneku ndiko gwero la madandaulo ambiri amene ndimamva. Bungwe la maiko loona za lamya, la ITU, linapeza kuti liwu likamafika mkati mwa mamilisekondi 150, ndiko kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a sekondi, anthu amacheza bwino osazindikira kanthu. Koma likachedwa kwambiri kupitirira pamenepo, awiriwo amayamba kulankhula nthawi imodzi, onse n'kukhala chete, onse n'kuyambanso. Timitolo tikatayika, liwu limaduka ngati la munthu wachibwibwi. Pamenepo anthu amaimba mlandu lamya kuti yakalamba, pamene vuto lili pa netiweki, kapena pa mdzukulu amene akuonera kanema pa rauta yomweyo.

Pano ndiyenera kunena mosapsatira mawu chinthu chimene chimakhumudwitsa ambiri: kabokosika sikalankhula ndi WhatsApp, ndipo ogulitsa akakuuzani kuti katero, bwezani ndalama m'thumba. WhatsApp ndi mpanda wa mwini wake, ndipo muloweramo ndi pulogalamu yake yokha. Adaputala imalankhula chiyankhulo china cha poyera chotchedwa SIP, chimene chinalembedwa koyamba mu 1999 n'kukonzedwanso mu 2002, ndipo kuti igwire ntchito pafunika akaunti ku kampani yopereka lamya za pa intaneti, imene idzakupatsani dzina, nambala yachinsinsi ndi adiresi ya kompyuta yake yaikulu. Zitatuzi mumazilemba m'kabokosi kamodzi kokha, pogwiritsa ntchito kompyuta kapena foni yolumikizidwa ku rauta yomweyo, ndipo kagetsi kakayaka kosonyeza kuti kalandiridwa, ntchito yatha. Ubwino wake waukulu ndi wakuti nambala siimangidwanso ku malo. Mwana wokhala ku Johannesburg angathe kutenga nambala ya komweko, monga zija zoyamba ndi 087 zimene dziko la South Africa linapatula kaamba ka lamya za mtundu umenewu, naiika m'kabokosi kamene katumizidwa kwa makolo ake. Akaimba, amalipira monga woimba lamya ya m'dziko lomwelo, koma belu limalira ku Chintheche. Ndi bwino kufunsa kaye ngati kampaniyo imalola kuti nambala yake igwire ntchito kunja kwa dziko. Ndipo ndichenjeze anyamata ofuna kupha makwacha mwachidule, kuti kulandira lamya za kunja pa intaneti n'kumazilowetsa mobisa m'netiweki ya m'dziko muno kudzera m'masimukhadi ndi mlandu, pakuti malonda a lamya amafuna chiphaso cha MACRA.

Za bandulo musade nkhawa kopitirira, chifukwa liwu ndi katundu wopepuka. Pa njira ya G.711, kucheza kwa mphindi imodzi, kuwerengera mbali zonse ziwiri, kumadya megabaiti imodzi ndi pang'ono, ndiye kuti mamegabaiti pakati pa 70 ndi 80 pa ola. Ndipo pa njira ina yofinya liwu, ya G.729, kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a pamenepo, ngakhale liwu limamveka louma pang'ono. Chimene lamya ifuna si intaneti yothamanga koma yokhazikika. Rauta ya 4G yoikidwa pa zenera loyang'ana ku nsanja ya netiweki imakwanitsa bwino, ndipo kwa amene ali ndi mbale ya Starlink, imene inafika m'Malawi mu 2023, njira ndi yomweyo.

Koma walira mvula walira matope. Pakuti mwatenga eksichenji n'kuiika m'nyumba mwanu, mwatenganso maudindo onse amene kale tinkasenza ife antchito ake, ndipo woyamba ndi wa magetsi. Magetsi a ESCOM akazima, rauta imazima, kabokosi kamazima, lamya n'kukhala chete pa ola lomwe mwina mukuifuna koposa. Chifukwa chake ine sindilola kulumikizira munthu adaputala asanapeze batire, ngakhale laling'ono la mavolti 12 la sola, lokhoza kudyetsa rauta ndi kabokosi pamodzi, popeza zonse ziwiri zimadya mphamvu yochepa kwambiri. Udindo wachiwiri ndi wa mphezi, imene m'dzinja la kuno ku Nkhata Bay siisowa; chingwe chachitali choyenda panja kuchokera ku nyumba ina kupita ku inzake chimaitana ngozi, ndipo mitambo ikada ku nyanja n'kwanzeru kuzula mapulagi. Wachitatu ndi wa chinyontho. Kawirikawiri ndikaitanidwa kuti lamya ikuchita phokoso la khwekhwerere, ndimazula kapulagi n'kupeza timano take tamkuwa tachita ndere yobiriwira, ndipo ndikatipala pang'ono ndi nsonga ya singano n'kutipukuta ndi sipiriti, liwu limayera pomwepo. Dziwaninso kuti pa nambala ya kunja simungadalire kuimba ku polisi kapena ku chipatala cha kuno, kotero foni ya m'manja isachoke pakhomo.

Pali lamya zina zimene zimafuna chisamaliro chapadera. Zija zozungulitsa ndi chala sizitumiza manambala ndi kulira monga zodina, koma zimadula ndi kulumikiza magetsi mofulumira, kasanu pa nambala 5, kakhumi pa 0, ndipo si adaputala iliyonse imene imamva chiwerengero chimenecho. Belu lidzalira ndipo mudzayankha, koma kuimba kungakanike. Zochokera ku Britain zili ndi pulagi yosiyana, ndipo zina mwa izo sizilira mpaka mutaikapo kolumikizira kake. Ndipo m'nyumba imene nthambo yakale yochokera ku mtengo ikadalipo, musalumikize bowo la Phone ku khoma musanaidule nthamboyo, kuopa kuti mphamvu ziwiri zingakumane n'kuotcha kabokosi.

Kodi ndiye aliyense agule? Iyayi. Mnyamata wozolowera foni ya m'manja sapindula kanthu, ndipo amene afuna chabe lamya ya pa tebulo yoimbira m'dziko muno angachite bwino kugula zija zolowetsa simukhadi, zimene sizifuna intaneti. Adaputala ndi ya ofesi ya sukulu kapena malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja, kumene pafunika nambala ya nyumba yosachoka ndi wantchito akasiya ntchito. Koma koposa onse ndi ya okalamba athu. Ndinaona gogo wina wa kumtunda kwa Bandawe, maso atachita khungu pang'ono, zala zitauma ndi ntchito yosenda chinangwa cha kondowole, akukanda galasi la foni imene mwana wake anamtumizira, galasilo osamva chala chake, mpaka foni inaleka kulira. Ndipo anakhala pansi nagwira tsaya, podziwa kuti mwanayo aganiza kuti mayi ake akudwala. Kwa munthu wotere lamya yakale ilibe ina yofanana nayo, pakuti belu lake limamveka mpaka kuseri kwa khitchini, kuyankha ndiko kunyamula, kumaliza ndiko kuika pansi, ndipo palibe chimene angadine molakwa. Si ife tokha tikuyenda njira imeneyi. Ku Britain kampani ya BT inalengeza kuti idzatseka netiweki yake yakale ya lamya pofika Januwale 2027, ndipo kumenekonso lamya za m'nyumba zikusamukira pa intaneti kudzera m'rauta ndi timabokosi totere.

Kwa ana athu a kunja amene muganiza zotumiza kabokosika kumudzi, pempho langa ndi lakuti mukayese kaye komweko ndi lamya ya kumeneko musanakapatsire, mutalembamo akaunti yonse, kuti pofika kuno kangofuna kulowetsa zingwe zitatu. Safunsa anadya phula: mukagula kogwiritsidwapo kale ntchito, funsani ngati sikanakhomedwe ku kampani imodzi, chifukwa timabokosi tambiri totere timakana akaunti ya kampani ina. Sinthani nambala yachinsinsi imene kanabwera nayo kuchokera ku fakitale, pakuti alipo akuba pa intaneti amene amasaka timabokosi tosatseka kuti aimbire kunja pa ndalama zanu. Ndipo mukadzapeza kuti belu likulira koma mbali imodzi yokha ndiyo ikumva inzake, musataye kabokosi. Uzani mmisiri alowe m'rauta, afune pamene palembedwa SIP ALG, ndipo apazimitse.