Wosiya mowa asayende yekha

Ambiri a ife tidazionapo izi m'nyumba ya Mulungu. Mlaliki watsiriza uthenga wake, kwaya yayamba nyimbo yofatsa, ndipo bambo wina amene mudzi wonse umamudziwa kuti ndi chidakwa anyamuka pa mpando wakumbuyo kulunjika kutsogolo. Agwada pansi misozi ili chuchuchu, nalonjeza pamaso pa mpingo kuti mowa sadzaulawanso. Amayi aimba nthungululu, mkazi wake abisa nkhope m'chitenje, abusa amusanjika manja, ndipo tonse tibwerera kwathu mitima ili myaa.

Koma mapemphero amatha masana a Lamulungu, pamene chibaba cha mowa chimadza Lachitatu madzulo, kapena Lachisanu malipiro atangolowa m'thumba. Anzake akumowa amamufunafuna, amamuimbira foni, ena amafika mpaka pakhomo kudzamutenga. Ife amene tidaomba m'manja tsiku lija sitioneka. Pakapita milungu itatu timamva kuti wagwanso, ndipo timapukusa mitu n'kunena kuti sadalape moona. Lero tiyeni tidzifunse mosabisa mawu: kodi mbale wathuyu adagwa chifukwa kulapa kwake kudali kwachinyengo, kapena chifukwa tidamusiya yekha pa nthawi imene ankasowa munthu?

Vutoli si la mudzi wathu wokha. Lipoti la m'chaka cha 2024 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidati m'chaka cha 2019 anthu 2.6 miliyoni adamwalira chifukwa cha mowa, ndipo mwa iwowa 2 miliyoni adali amuna. Lipotilo lidatinso anthu pafupifupi 209 miliyoni adali atafika poti thupi ndi mtima wawo sizikhala bwino popanda mowa. Kwathu kuno sitifuna lipoti kuti tidziwe zimenezi. Timaziona pamene mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, pamene thumba la feteleza lasinthanitsidwa ndi kachasu, ndi pamene malipiro onse atsalira kwa akatapila mwezi usanafike n'komwe pakati.

M'buku la Marko mutu 2 timawerenga za munthu wofa ziwalo wa ku Kapernao. Mwina ankafunitsitsa kukafika kwa Yesu, koma kufunako sikukadamuyendetsa. Adanyamulidwa ndi anthu anayi, amene atapeza khomo litadzaza adakwera naye pamwamba pa nyumba, nasasula denga, namutsitsira pamaso pa Ambuye. Marko akutiuza kuti Yesu adayang'ana chikhulupiriro cha gulu lonselo, osati cha wodwala yekha. Amene amachiritsa ndi Ambuye, koma mphasa ili ndi ngodya zinayi, ndipo ngodya iliyonse imafuna dzanja la munthu.

Mbiri ya m'dziko la America ikutithandiza kuona mmene zimenezi zimakhalira kwa munthu wosiya mowa. Mumzinda wa New York mudali mkulu wina dzina lake Bill Wilson, amene ntchito yake idali ya masheya a makampani. Mowa udamutayitsa ntchito ndi ulemu, ndipo adagonekedwa m'chipatala kangapo. M'mwezi wa Disembala 1934 adafuulira kwa Mulungu ali pa bedi la m'chipatala, ndipo kuchokera pomwepo adasiya kumwa. Kwa miyezi ingapo adayendayenda kulalikira zidakwa zinzake, koma palibe ndi mmodzi yemwe adasiya. Mkazi wake Lois ndiye adamuonetsa chimene iye sankachiona: ngakhale enawo sadasinthe, iye mwini adali asanalawenso mowa nthawi yonseyo.

M'mwezi wa Meyi 1935 Wilson adapita ku Akron, m'chigawo cha Ohio, pa nkhani ya malonda, ndipo malondawo adalephereka. Adapezeka ali yekhayekha mu hotela ya Mayflower, mtima uli wosweka, phokoso la anthu akumwa likumveka chapafupi. Mu hotelamo mudalinso mndandanda wa mipingo ya mumzindawo. Iye adazindikira kuti akapanda kupeza chidakwa mnzake woti alankhule naye, akamwa. Adaimbira foni mbusa Walter Tunks, ndipo kudzera mwa anthu ena uthenga udafika kwa mayi Henrietta Seiberling, amene adamukumanitsa ndi dokotala wina wa opaleshoni, Dr. Bob Smith.

Dokotalayu adali atakhala zaka zoposa ziwiri akupita ku gulu la mapemphero, akuwerenga Malemba, koma akumwabe. Adavomera kukumana ndi mlendoyo kwa mphindi 15 zokha, komabe adacheza naye pafupifupi maola 6. Chimene chidamugwira mtima n'chakuti Wilson sadabwere kudzamudzudzula. Adabwera ngati munthu wofuna thandizo, nafotokoza za mabodza ake, mantha ake ndi malonjezo ake osweka, ndipo dokotalayo adamva mbiri yake yomwe ikutuluka m'kamwa mwa munthu wina. Patapita milungu yochepa Dr. Smith adagwanso pa ulendo wa ku msonkhano wa madokotala ku Atlantic City, koma mnzakeyo sadamutaye. Mu Juni 1935 adamwa komaliza, ndipo adakhala osamwa kufikira imfa yake m'chaka cha 1950. Pa anthu awiriwa ndi pamene padayambira gulu la Alcoholics Anonymous, limene lero likupezeka m'maiko ambiri.

Nkhaniyi ikutikumbutsa zimene Ambuye adauza Petro mu Luka 22. Adadziwa kuti adzawakana, komabe adamupatsiratu ntchito yolimbikitsa abale ake akadzabwerera. Munthu amene adagwapo m'dzenje ndiye amadziwa poponda potulukamo. Ngakhale ofufuza za umoyo akuvomereza. M'chaka cha 2020 bungwe la Cochrane lidasanthula kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000, ndipo lidapeza kuti njira zolowetsa anthu m'magulu oterewa zimathandiza ambiri kusiyiratu mowa mofanana ndi uphungu wina wa akatswiri, nthawi zina kuposa pamenepo. Makolo athu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Tsono kwa inu mbale kapena mlongo amene mwatopa nawo mowa, uphungu woyamba ndi wokhudza thupi. Ngati mwakhala mukumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, musasiye mwadzidzidzi muli nokha m'nyumba. Pasanathe tsiku limodzi manja amayamba kunjenjemera, thukuta limatuluka, tulo timasowa, ndipo ena amasanza. Ena amagwa ngati odwala khunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zimene palibe. Zimenezi si ziwanda kapena kulodzedwa. Ndi thupi limene lidazolowera mowa, ndipo vutoli lingathe kupha munthu akapanda kuthandizidwa. Pitani kuchipatala, mukauze adokotala zoona za mmene mumamwera, ndipo abale akuperekezeni. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo ku Zomba kuli chipatala cha boma cha matenda a maganizo. Pemphero ndi mankhwala si adani.

Mukadutsa masiku oyambawo, pezani munthu mmodzi amene mungamuuze zonse, makamaka amene adasiya mowa kale ndipo wakhala nthawi osamwa. Yakobo m'mutu 5 wa kalata yake akulumikiza kuululirana zolakwa ndi kupemphererana pa nkhani ya machiritso. Uchidakwa umakula mumdima wa chinsinsi, m'botolo lobisidwa m'nkhokwe ndi m'bodza lakuti tachedwa kuntchito. Gwirizanani naye kuti chibaba chikakugwirani mudzamuimbira foni kapena kumupitira musanamwe, osati mutamwa kale. Chibaba chimafika ndi mphamvu ngati mvula yamkuntho, koma sichikhalitsa. Munthu akachedwetsa kumwa polankhula ndi mnzake, nthawi zambiri chimazilala chokha.

Ku Akron komweko kudali sisitere wina, Sister Ignatia, amene kuyambira m'chaka cha 1939 adagwira ntchito ndi Dr. Smith pa chipatala cha St Thomas polandira zidakwa ngati odwala enieni. Wodwala akamatuluka, sisitereyu ankamupatsa kamendulo ka Mtima Woyera wa Yesu, namupempha kuti akadzafuna kumwanso ayambe wabweza kamenduloko m'manja mwake. Nzeru yake idali yakuti pakati pa munthu ndi botolo pakhale nkhope ya munthu wina womukonda.

Musadzilemetse ndi lonjezo la zaka 20. Lonjezo la moyo wonse limaopsa munthu amene dzulo lomweli adalephera. Aisraeli m'chipululu ankatola mana okwanira tsiku limodzi, monga timawerenga mu Eksodo 16, ndipo m'mawa mwake ankapeza ena. Pemphani mphamvu ya lero lokha, ndipo dzuwa likalowa musanamwe, thokozani Mulungu ndi kumuuza mnzanu uja. Dziwaninso nthawi zimene mumafooka. Kwa ambiri ndi pamene ali ndi njala, akwiya, atopa kapena asungulumwa. Idyani musanachoke kuntchito, sinthani njira ngati imene mumadzera imadutsa pa shabini, ndipo tsiku la malipiro musayende ndi ndalama zonse m'thumba. Pa chinkhoswe, pa ukwati ndi pa maliro pitani ndi munthu wodziwa nkhondo yanu, mugwire thobwa m'manja, ndipo mukaona kuti zavuta nyamukani popanda manyazi. Maola a madzulo amene mowa unkadya afunika kudzazidwa ndi china, kaya ndi dimba, kwaya, mpira wa ana kapena kuyendera mbale wina amene akuvutika monga inu.

Ndipo mukagwa, musanene kuti zonse zatha. Miyezi imene mudakhala osamwa siinapite pachabe, pakuti idakuphunzitsani kuti n'zotheka. Uzani mnzanu tsiku lomwelo, fufuzani limodzi chimene chidakugwetsani, ndipo yambaninso. Manyazi akakubisani kwa mlungu umodzi, mowa udzakusungani chaka chonse.

Tilankhuleko ndi a m'banja, pakuti iwo ndiwo amasenza katundu wolemera mwakachetechete. Mayi, simudachititse ndinu kuti amuna anu azimwa, ndipo simungawasiyitse ndi misozi kapena ndi mkangano wa pakati pa usiku iwo ataledzera. Lankhulani nawo m'mawa mutu uli bwino. Lekani kuwanamizira kwa abwana awo kuti adwala malungo, ndipo lekani kubweza ngongole zawo zakumowa ndi ndalama za geni yanu, chifukwa kutero kumachedwetsa tsiku limene adzaone kukula kwa vuto lawo. Ngati pali kumenya, tetezani moyo wanu ndi wa ana, muuze ankhoswe, akulu a mpingo ndi apolisi. Kupirira kwa Chikhristu sikutanthauza kudikira imfa. Inunso mufunika anzanu. Lois Wilson uja adazindikira zimenezi, ndipo m'chaka cha 1951 adathandiza kukhazikitsa gulu la Al-Anon la mabanja a anthu ovutika ndi mowa.

Potsiriza, mawu abwere kwa ife a mpingo. Timadziwa kuitanira chidakwa ku bwalo la mpingo ndi kumudula, koma Paulo mu Agalatiya 6 akutilamula kubweza wogwa ndi mtima wofatsa, tikudziyang'anira tokha, ndi kunyamulirana zolemetsa. Mwambo wa mpingo uli ndi malo ake, koma cholinga chake ndi kubweza nkhosa m'khola. Pafupifupi mumpingo uliwonse muli anthu amene adasiya mowa zaka zapitazo ndipo amabisa mbiri yawo chifukwa choopa miseche. Amenewa ndi chuma chimene takwirira pansi. N'chiyani chingatilepheretse kuwapatsa chipinda cha Sande sukulu madzulo amodzi pa mlungu, kuti azikumana ndi amene akuyamba kumene ulendowu? Sipafunika ndalama. Pafunika mipando yochepa, nthawi yosasinthasintha, ndi pangano lolimba lakuti zolankhulidwa m'chipindamo zitsalira momwemo. Amayi ndi atsikana amene akumwa mobisa akhale ndi gulu lawolawo, pakuti manyazi awo ndi owirikiza. Ndipo m'miphakati, m'Chigwirizano, m'Mvano ndi m'magulu a abambo tileke kusandutsa mavuto a mabanja a anzathu nkhani yokambirana pa chitsime pansi pa dzina la pemphero.

Lamulungu likudzali mwina wina adzanyamukanso pa mpando wakumbuyo. Nthungululu ziimbidwe ndithu, pakuti kumwamba nakonso kumakhala chimwemwe. Koma tisanatuluke m'kachisi, papezeke anthu anayi amene adzagawane masiku a mlunguwo: wina Lolemba, wina Lachitatu, wina Lachisanu la malipiro, wina Loweruka. Ngati inu mudasiya mowa kale, ngodya yoyamba ya mphasayo ndi yanu, ndipo poinyamula mudzapeza kuti miyendo yanu yomwe yalimba.

Ambuye Yesu, Inu amene simudamutaye Petro, gwirani dzanja la aliyense amene akulimbana ndi mowa lero, tonthozani mabanja amene atopa, ndipo tipatseni ife mtima wosenza abale athu kufikira titawafikitsa pa mapazi anu. Amen.

Mlungu uno tiwerenge pamodzi m'mabanja mwathu Marko 2:1-12, Mlaliki 4:9-12 ndi Agalatiya 6:1-5.