Mdani akafooka, gemu imasukuluka: nkhani ya Heroes IV

Aliyense wodutsa pamsika wa pa Njuli chakumadzulo adaonapo abambo atazungulira bawo pakhonde la golosale. Osewera ndi awiri, koma alangizi ndi khumi. Ife ophunzira timaseka tikamadutsa, komatu tikafika ku hositelo timachita zomwezo: timaunjikana pa laputopu imodzi yotopa, wina akuyendetsa asilikali ake pamapu, enafe tikumuuza kuti walakwitsa. Gemu imene yatitenga mtima si yatsopano ayi. Ndi Heroes of Might and Magic IV, imene idatuluka mu 2002, ambiri a ife tisanabadwe. Imayenda bwino pakompyuta yakale ndipo silira bandulo.

Makolo ndi akulu ampingo akamva za gemuyi amafunsa kuti kodi mumaonamo chiyani. Funsoli ndi labwino, ndipo liyenera kuyankhidwa mosabisa: zokoma zilimo, zolakwika zilimonso.

Imaseweredwa bwanji?

Heroes si gemu yothamanga ngati ya mpira kapena ya mpikisano wa magalimoto. Osewera amapatsana mpata, monga pa bawo. Ukayendetsa anthu ako n'kumaliza, umatseka tsiku, mnzako kapena kompyuta n'kuyendetsa ake. Ukhoza kuganiza mphindi khumi usanakhudze kalikonse.

Umayamba ndi tauni imodzi ndi ngwazi imodzi. Mapu onse amakhala mumdima, ndipo amaonekera pang'onopang'ono ngwaziyo ikamayenda. M'njira imatola chuma cha mitundu isanu ndi iwiri, monga golide, matabwa ndi miyala, ndipo imalanda migodi kuti chumacho chizibwera tsiku ndi tsiku. Ife a kuno ku Njuli, amene timaona malole akutuluka ndi miyala ya kukwale, sitivutika kumvetsa kuti womanga ayenera kuyamba wagwira gwero la mwala. Ndi chumacho umamanga nyumba m'tauni, nyumbazo zimatulutsa asilikali, ndipo asilikaliwo amakamenya nkhondo. Ngwazi nayo imakula: ikapambana imaphunzira luso latsopano, ndipo wosewera ndiye amasankha luso lake. Choncho gemuyi ndi ya nzeru zoyendetsera dziko, komanso ndi yolera munthu mmodzi kuchokera pa wamba mpaka katswiri.

Kampani ya ku America ya New World Computing, imene adayambitsa Jon Van Caneghem, idatulutsa Heroes yoyamba mu 1995. Yachitatu, ya mu 1999, ndiyo idatchuka koposa, moti mpaka lero anthu akuiseweretsabe. Yachinayi idabadwa pansi pa mthunzi wa mkulu wake wotchukayo, ndipo opanga ake adasankha kusintha zambiri m'malo mongobwereza.

Zimene zimatikopa

Chachikulu ndi ichi: ngwazi imalowa yokha m'bwalo la nkhondo. Mu Heroes III, ngwazi inkaima pambali n'kumalamula, ngati kochi wa timu, mkondo sunkaifika. Mu Heroes IV imamenya, imavulala, ikhoza kugwa kapena kutsekeredwa m'ndende ya mdani. Ngwazi imene waisamala kwa maola asanu ikazunguliridwa, mtima umagunda zenizeni.

Chachiwiri ndi kusankha. Matauni alipo a mitundu isanu ndi umodzi, ndipo m'tauni iliyonse sungamange zonse. Pa misinkhu itatu yapamwamba ya asilikali, umasankha mtundu umodzi mwa iwiri, winawo n'kutsekeka. M'tauni ya Haven, mwachitsanzo, pamapeto uyenera kusankha pakati pa angelo ndi akatswiri okwera akavalo. Mkangano wa pa hositelo umayambira pamenepa. Palinso zina zopeputsa ntchito: asilikali amawonjezereka tsiku lililonse, osati pa sabata monga kale, gulu likhoza kuyenda lopanda ngwazi, ndipo ukhoza kutumiza asilikali paulendo kuchoka tauni ina kupita ina osawaperekeza.

Chachitatu ndi nthano zake, zimene adalemba Terry Ray. Dziko lakale la Enroth lawonongeka malupanga awiri amphamvu atagundana, ndipo opulumuka athawira kudziko latsopano la Axeoth. Nthano zisanu ndi imodzi za m'gemuyi ndi za anthu oyambanso moyo opanda kanthu. Mwa izo, ya Emilia Nighthaven ndiyo timaikamba kwambiri. Iye ndi mtsikana wamba amene asonkhanitsa othawa kwawo n'kukhala mfumukazi ya Great Arcan. Mdani wake, Gavin Magnus, safuna chuma. Akufuna mtendere, koma njira yake ndi yolanda anthu onse ufulu wosankha kuti pasapezekenso wolakwa. Kodi mtendere wotero ndi mtendere? Tidakangana za funsoli mpaka belu la chakudya. Onjezani nyimbo za Paul Romero, Rob King ndi Steve Baca, zimene ena a ife timaziyatsa ngakhale powerenga, mumvetsa chifukwa chake laputopu ija sipuma.

Nyerere za m'kati mwa mkuyu

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyerere yaikulu ya Heroes IV ili pa chinthu chomwe chija tachiyamikira. Ngwazi ikakhala yongoyamba kumene imagwa msanga, ngati nkhuku ya chitopa. Koma ukaiphunzitsa luso la kumenya mpaka pamwamba, n'kuimwetsa mankhwala ogulidwa m'tauni amene amaidzutsa ikagwa, imafika pogonjetsa yokha magulu athunthu. Zikatero, migodi, matauni ndi asilikali amene udavutika nawo zimakhala zokongoletsa chabe. Gemu yoyendetsa dziko yasanduka ya chimphona chimodzi chongoyendayenda.

Kusankha kuja nakonso kuli ndi chilema. Pena mitundu iwiriyo siyofanana mphamvu ngakhale pang'ono. M'tauni ya Necropolis, anamapopa amabwezeretsa anzawo ogwa poyamwa moyo wa adani, kotero kuti wosewera aliyense wozindikira amasankha iwo. Kusankha kumene yankho lake n'lodziwikiratu si kusankha.

Koma nyerere yoluma koposa ndi kufooka kwa kompyuta ngati mdani. Osewera a m'mayiko ambiri akhala akudandaula chimodzimodzi kuyambira 2002: pamapu aakulu, kompyuta simanga bwino matauni ake, imatumiza ngwazi zosakhwima kukafera pa zilombo zolondera chuma, ndipo kawirikawiri ukafika pakhomo pake umapeza kuti idadzigonjetsa kale. Zovuta zenizeni zimakhala masiku oyamba okha. Ukangolimba, chotsala ndi kusesa.

Apa ndi pamene bawo la pamsika limatiphunzitsa. Lili ndi maenje 32 ndi njere 64, basi. Lilibe nyimbo, lilibe nthano, lilibe zithunzi. Komabe abambo aja sakutopa nalo kwa zaka makumimakumi, chifukwa kutsidya kwa bawolo kuli munthu amene akuwerenga njere zako, amene akhoza kukutchera kuti udye pang'ono iye adye zambiri. Ndani angakhale tsiku lonse akusewera ndi munthu wongotakata osaona kumene njere zikathere? Kukoma kwa masewera anzeru kuli mwa mdani amene angathe kukugonjetsa. Ena onsewo ndi mavalidwe.

Chidachitika n'chiyani?

Zolakwikazi sizidabwere chifukwa chosowa luso. New World Computing inali pansi pa kampani ya 3DO, imene panthawiyo inali pamavuto aakulu azachuma, ndipo gemuyi idatulutsidwa isanapse. Umboni wake ndi woti njira yosewerera ndi anzako pa intaneti sidalimo pa tsiku loyamba. Adachita kuiwonjezera pambuyo pake. Zigawo ziwiri zowonjezera zidatsatira, The Gathering Storm mu 2002 ndi Winds of War mu 2003, koma sizidachize matenda enieniwo. Mu 2003 momwemo 3DO idagwa, ndipo kampani ya ku France ya Ubisoft idagula dzina la Might and Magic. Pamene Heroes V inkatuluka mu 2006, yopangidwa ndi kampani ya Nival ya ku Russia, ngwazi idabwezedwa m'mphepete mwa bwalo. Maganizo abwino aja adatayidwa pamodzi ndi zolakwika zake. Okonda gemuyi ndiwo adayesa kukonza okha zina, ndi chigamba chawo chotchedwa Equilibris. Kuthamanga sikufika: aliyense amene adaperekapo asayimenti yolemba usiku umodzi akudziwa mmene ganizo labwino limafera m'ntchito yosamalizika.

Mafunso awiri amene sitingawazembe

Loyamba ndi la zamatsenga. Gemuyi yadzaza ndi amatsenga, ndipo tauni ya Necropolis imaika pamodzi ziwanda ndi akufa odzutsidwa kuti amenye nkhondo. Kwa ife amene timaphunzira kuti akufa ali m'tulo mpaka tsiku la kuuka, zimenezi si zongoseka. Pakati pathu alipo amene amakana gemu yonseyo pa chifukwa chimenechi, alipo amene amapewa tauni imeneyo yokha, ndipo alipo amene amati ndi nthano ngati za kalulu ndi fisi. Sitinagwirizane. Chimene tagwirizana n'chakuti wokana asasekedwe, ndipo wosewera adziwe chimene akuika pamaso pake.

Lachiwiri ndi la nthawi. Gemu yopatsana mpata ilibe wenzulo yothetsa masewera. Tsiku lililonse ukalitseka pamatsala kanthu kakang'ono: nyumba imene ithe mawa, mgodi umene watsala sitepe imodzi. Umati kamodzi kokha, kenaka ukumva tambala. Mapu amodzi aakulu akhoza kudya maola amene akadakwanira kuwerenga mutu wathunthu wa mayeso, ndipo fizi imene makolo adapeza pogulitsa nandolo ndi chimanga siibwerera. Chowawa n'choti maola ambiri mwa amenewo amathera m'gawo losesa lija, pamene chigonjetso chidadziwika kale.

Ndiye langizo lathu kwa amene akufuna kuiyesa ndi ili. Sewerani nthano zake, makamaka ya Emilia, chifukwa m'menemo ndi mmene muli mtima wa gemuyi. Mukaona kuti ngwazi yanu yafika posagonjetseka, dziwani kuti gemu yatha ngakhale mapu sanathe, tsekani laputopu. Ndipo mukafuna mdani weniweni, musamufune m'kompyuta. Khalani awiri pa makina amodzi muzisinthana mpando, kapena tsikirani pamsika Lamlungu masana mukapemphe malo pa bawo. Kumeneko mukagonja msanga, alangizi khumi akukusekani, ndipo mukabwera mutaphunzirapo kanthu.