Digiri Imodzi Imasiyanitsa Ng'ona Yaimuna ndi Yaikazi

Mlimi wa ku Madzimoyo kapena ku Chipata amene anaswetsapo mazira a nkhuku m'makina amadziwa lamulo lake: madigiri 37.5 kufika 38, kwa masiku 21, ndi kutembenuza mazira tsiku lililonse. Pa mazira a ng'ona lamulo limeneli ndi imfa. Kutentha kotero kumapha kamwana, ndipo dzira silitembenuzidwa konse, pakuti kamwanako kamamatirira kumwamba kwa cigoba.

Ng'ona, monga njoka, fulu ndi buluzi, imadalira kutentha kwa malo amene ili. Ndico cifukwa cake ku Mfuwe mumaziona zikuwothera dzuwa pamcenga wa mtsinje wa Luangwa. Yaikazi imakwirira mazira, kawirikawiri 40 kufika 60, ca m'Seputembala ndi Okutobala, ndipo amaswa patapita masiku ngati 90, mvula itayamba.

Codabwitsa ndi ici. Kutentha kwa cisa ndiko kumagamula ngati ana adzakhala aamuna kapena aakazi. Pansi pa madigiri 31.5 ambiri amakhala aakazi, pa 32 ndi 33 ambiri ndi aamuna, ndipo kupitirira 34.5 aakazi amaculukanso, koma ambiri amafera m'mazira. Ana akaswa amafunabe madigiri 30 kufika 32. Akazizidwa amaleka kudya, amadwala, ndipo mlimi amataya zikopa zimene anali kuyembekezera kugulitsa kunja kwa dziko.

Ng'ona zimawetedwa ku Kalimba pafupi ndi Lusaka, ndiponso m'mbali mwa nyanja ya Kariba ku Siavonga ndi ku Sinazongwe. Pa nchito yotere pamafunika kacipangizo kochedwa thermostat, kamene kamayeza kutentha ndi kulamulira magetsi opita ku cotenthetsera.

Mtundu wochipa umangoyatsa ndi kuzimitsa. Umadikira kuti muzizire ndipo uyatse, mutenthe ndipo uzimitse, motero kutentha kumakwera ndi kutsika ndi digiri imodzi kapena awiri. Kwa fulu wamkulu zimenezi si kanthu. Kwa mazira a ng'ona digiri imodziyo ndiyo nkhani yonse, conco mpofunika mtundu wina, wokwererapo mtengo, umene umacepetsa kapena kuwonjezera magetsi pang'onopang'ono kuti kutentha kukhazikike.

Wogula ayang'anenso kuculuka kwa mawati amene thermostat ingapirire, kuti asacepe poyerekeza ndi cotenthetsera. Kansonga koyezera kaikidwe pakati pa mazira, osati pakhoma kapena pafupi ndi cotenthetsera. Paikidwenso coyezera kutentha cina capadera, pakuti thermostat ikawonongeka ili ciyatsire siuza munthu, imangophika mazira.

Thermostat yolumikizidwa ku cotenthetsera cokha siziziritsa. M'cigwa ca Luangwa kutentha kwa Okutobala kumapitirira madigiri 40, motero cipinda cifunika mthunzi ndi mpweya. Siigwiranso nchito popanda magetsi. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, madera ena anali kukhala maola 20 pa tsiku opanda magetsi. Sola ndi mabatire zimathandiza, ndipo migolo ya madzi m'cipinda imasunga kufunda kwa maola angapo.

Asanagule ciliconse, munthu ayambe wapita ku nthambi ya boma ya Department of National Parks and Wildlife. Lamulo la Zambia Wildlife Act la mu 2015 sililola kuweta ng'ona kapena kutola mazira ake popanda cilolezo.