ZIPANGIZO ZA MAGETSI ZIMENE ZILIRA M'NYUMBA, NDI ANTHU AMENE ZIWASAUTSA

Magetsi akazima m'tauni anthu ambiri amadandaula, koma alipo ena owerengeka amene mtima wawo umakhala pansi pa nthawi yomweyo. Sikuti iwowa amakonda mdima ayi. Chimene chiwakondweretsa ndi chakuti furiji yaleka kung'ung'uza, getsi la chubu lakhala chete, ndipo kachaja ka lamya, kamene kanali kulira pakhoma ngati udzudzu, katonthola. Abale awo kawirikawiri amawanena kuti ndi anthu ovuta, kapena kuti mutu wawo suyenda bwino, komatu vuto limeneli madotolo alidziwa, ndipo dzina lake ndi hyperacusis. Tanthauzo lake ndi lakuti phokoso limene kwa ena lili laling'ono, kwa munthu wotere limamveka lalikulu, mwina kufikira kumulasa m'khutu.

KODI ZILIRADI?

Funso loyamba limene a pabanja amafunsa ndi limeneli, ndipo yankho lake ndi lakuti zilira ndithu. Magetsi a kuno, monga a ku Britain, amatembenuka maulendo 50 pa sekondi imodzi, pamene a ku America amatembenuka maulendo 60. Chitsulo cha m'kati mwa thiransifoma chimafutukuka ndi kufinyika kawiri pa ulendo uliwonse, kotero kuti chimanjenjemera maulendo 100 pa sekondi. Ndiko kulira kwa njuchi kuja kumene kumveka munthu akaima pansi pa mtengo wa thiransifoma, kapena pafupi ndi getsi la chubu la makedzana. Chaja ya lamya ili ndi machitidwe ena. Iyo imadula magetsi maulendo zikwi zambirimbiri pa sekondi, mofulumira kuposa pamene khutu lingafike. Koma lamya ikadzaza, kapena ikachotsedwa chaja n'kutsala pakhoma, tizitsulo take timagwira ntchito modukizadukiza, ndipo kulira kwake kumatsikira pamene khutu litha kukumva. Ndicho chifukwa chake chaja zina zimalira kwambiri pakati pa usiku, ntchito yake itatha.

Khutu la mwana wathanzi limamva kunjenjemera kuyambira maulendo 20 kufikira pafupi 20,000 pa sekondi, koma mawu okwera kwambiriwo amayamba kutayika munthu akamakula. Wailesi za kanema zakale, za chimsana chachikulu zija, zinkaimba kamluzu ka maulendo 15,625 pa sekondi. Mwana akati kanema akulira, bambo ake nati palibe chikulira, onse awiri anali kunena zoona. Aphunzitsi ayenera kumva ndi iyi: m'chaka cha 2005 mkulu wina wa ku Wales, Howard Stapleton, anakonza chipangizo chotchedwa Mosquito, cholira pa maulendo ngati 17,000, kuti chipirikitse anyamata osonkhana pamakomo a masitolo. Posakhalitsa ana a sukulu anatenga kulira komweko nakuika m'malamya awo, kuti lamya izilira m'kalasi mphunzitsi osamva.

VUTO LILI PATI?

Koma kumva kaphokoso ndi kwina, kuzunzika nako ndi kwinanso. Chodabwitsa ndi chakuti odwala hyperacusis akayesedwa, makutu awo sapezeka akuthwa kuposa a anzawo. Ena amapezeka kuti samvanso bwino. Kusiyana kuli pa malire a kupirira. Munthu wamba amayamba kusautsika phokoso likafika pafupi ndi madesibelo 100, pamene wodwalayu amasautsika pansi kwambiri pa apo, mwina ndi phokoso la mbale zogundana pakutsuka.

Akatswiri ambiri amalongosola chonchi: ubongo uli ngati munthu wokhala pafupi ndi wailesi, amene mawu akachepa amakweza. Khutu likavulala ndi phokoso lalikulu, la chigayo, la makina kapena la zimkuzamawu za pa ukwati, uthenga wofika ku ubongo umachepa, tsono ubongo umakweza, ndipo mwa ena umakweza mopitirira muyeso. Vutoli limadzanso pambuyo pa kuvulala m'mutu, limayenda ndi mutu waching'alang'ala, ndipo limaoneka mwa ena amene mbali imodzi ya nkhope yafooka, pakuti mtsempha wa nkhope ndi womwewo umene umalamulira kamnofu ka m'khutu kochepetsa mphamvu ya phokoso.

THONJE M'MAKUTU

Apa ndi pamene ambiri amalakwira, ndipo kulakwa kwake n'komveka. Munthu amene phokoso limupweteka amathamangira thonje kapena zotsekera m'makutu, nazivala usana ndi usiku. M'chaka cha 2003 Craig Formby ndi anzake ku America anafalitsa zimene anapeza atayesa anthu a makutu abwino. Ena anawavalitsa zotsekera m'makutu kwa milungu iwiri, ena anawavalitsa tizipangizo totulutsa kaphokoso kofatsa. Pakutha pa milunguyo, otsekedwa makutu aja anayamba kumva phokoso wamba ngati lakula, pamene enawo analimva ngati lachepa. Kukhala chete kopambana kumangouza ubongo kuti ukwezenso.

Chifukwa chake chithandizo chimene madotolo a makutu amapereka, motsata njira zonga ya Pawel Jastreboff, ndicho kuzoloweza khutu pang'onopang'ono ndi phokoso lofatsa, losadukiza, longa la mvula ya padenga la udzu kapena la fani, pamodzi ndi uphungu wochotsa mantha. Si ntchito ya mlungu umodzi. Imatenga miyezi, ndipo si onse amene amachira kotheratu. Zotsekera zili ndi malo ake, kuchigayo ndi kumene kuli phokoso loonongadi, osati pabalaza.

PANYUMBA NDI KU OFESI

Nkhondo yeniyeni imachitikira panyumba. Wodwala amadzuka usiku nazimitsa furiji, m'mawa ndiwo zasasa, ndipo mkangano wabuka. Mita ya magetsi ikayamba kulira kuti mayunitsi atsala pang'ono, ena onse amagona, iye ali maso. Poopa kutchedwa wamisala kapena wolodzedwa amaleka kudandaula, nayamba kuthawa misonkhano, maukwati, ngakhale kutchalitchi. Kalaliki wokhala pansi pa getsi long'ung'uza tsiku lonse amafika madzulo atatopa ngati analima, ndipo bwana wake amangolemba kuti ndi waulesi. Mwana amene agwira makutu belu likalira amalandira chibalo cha mwano. Kawirikawiri kuweruza kotere n'kolakwa, ndipo mankhwala ake ndi otsika mtengo: kumusamutsira pa tebulo lina, kusintha getsi lakale, kuzula chaja imene yatha ntchito, kuimika furiji molunjika ndi kuitalikitsa ku khoma la chipinda chogona. Chaja imene ilira ndi kutenthanso iyenera kutayidwa, pakuti ingathe kubutsa moto.

Pali kuyesa kumodzi kumene banja lililonse lingachite lisanapite kuchipatala. Usiku, zonse zili zii, azimitse magetsi a nyumba yonse pa switchi yaikulu. Kulira kukaleka, kunali kwa chipangizo, ndipo chingapezeke poyatsa chimodzichimodzi. Kukapitirira, kungathe kukhala kulira kwa m'khutu momwe, konga kumene adziwa ambiri amene anamwapo kwinini, ndipo ndi nkhani ina yofunika dotolo. Zipatala zoyesa makutu zilipo, monga ku Queen Elizabeth Central Hospital mu Blantyre ndi ku African Bible College mu Lilongwe. Amene vutoli lamuyamba mwadzidzidzi, kapena khutu limodzi lokha, kapena pamodzi ndi chizungulire, asachedwe kupita.